Lamlungu la gogo a ku Ilford

Mafilimu akale a Chimwenye ndinayamba kuwaonera ku Ndirande, m'chisakasa cha vidiyo, titapanikizana pa mabenchi. Chihindi sitinkamva ngakhale liwu limodzi, koma nkhani yake sinkasowa: ana amwazikana, mayi alira mpaka maso kutupa, pamapeto onse abwerera, agwada n'kugwira mapazi a mayiwo. Ine ndinakula ndikudziwa kuti Amwenye kholo sataya.

Nditayamba ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Ilford, kuno kutsidya kwa nyanja, ndinapezako gogo ena Achimwenye amene TV yawo inkakhalira mafilimu omwewo. Tinagwirizana msanga. Ndinkawauziratu zomwe zichitike kutsogolo, iwo n'kumandimenya padzanja ndi supuni. Anali ndi mwana mmodzi, bambo wa imvi kale, amene ankabwera Lamlungu, ola limodzi basi. Gogowo ankayamba kumudikira Lachisanu, kutiuza kuti tiwapese tsitsi, tiwasitire zovala.

Lamlungu lina bamboyo anafika mochedwa, filimu ili pamene mwana akupepesa mayi ake. Iye anakhala pampando n'kumangodina foni. Pakamwa panga sipachedwa, ndimadzidziwa. Ndinaloza TV n'kumuuza m'Chingerezi kuti, "Mukuwaona anzanuwo? Inu mayi anu mwawasiya kuno ngati katundu." Kwathu mayi aliyense amadzudzula mwana wa mnzake, ndiye ndinkaona ngati ndathandiza.

Bamboyo anaimirira. Anapsompsona mayi ake pachipumi n'kutuluka, ndipo milungu inayi sanapondeko. Gogowo ankavala n'kukhala moyang'ana chitseko, chakudya chikuzizira pambali. Mnzanga wa ku Chipata, yemwe anakhalitsa pantchitopo, ndiye anandiuza kuti bamboyo kunyumba akusamaliranso mkazi wake wodwala sitiroko, ndipo ola limenelo ndi lomwe mnansi amamukhalira ndi wodwalayo. Ndinachita manyazi, mpaka lero ndimachita.

Mlungu wachisanu bamboyo anaimba foni ku ofesi. Sanandinenere ayi. Anangofunsa masiku amene ine sindikhalapo. Manijala atandiitana kuti amve chatsitsa dzaye, ndinawafotokozera zonse, n'kuwapempha andichotse pa shifiti ya Lamlungu.

Tsopano ndikafika Lolemba, gogo amandigwira dzanja n'kundiuza kuti mwana wawo anabwera. Kenako amandikalipira kuti bwanji sindipezeka Lamlungu kuti ndidzamuone mwana wabwino chonchi. Ndimawauza kuti ndimakhala ndili ku tchalitchi.