Kansalu pa Kabokosi Kopima Mpweya

Anthu a mumsewu wa kuseri kwa siteshoni ya magetsi ankawatcha Mayi Buluu, chifukwa malaya oyera akadutsa m'manja mwawo ankabwerera kwa eni ake akuwala ndi buluu wochapira. Ntchito yawo inali kuchapa ndi kusita. Anaiyamba siteshoniyo isanamangidwe, ndipo ana awo onse anakulira pa beseni ndi simbi. Fumbi sankagwirizana nalo. Wailesi, makina osokera, ngakhale ndowa ya madzi akumwa, chilichonse m'nyumbamo chinali ndi kansalu kake.

Mphepo ikatembenuka, mwaye wa malasha wochokera pachumuni unkatera pachingwe, zoyanika n'kubwereranso m'madzi. Zimenezo akanapirira. Chinkawadya mtima chinali chifuwa cha amuna awo, mkulu wowotcherera zitsulo, amene tsopano sankafika pachipata osaima kaye kuti apume.

"Mutsokomola mpaka liti, bambo?"

"Mpaka magetsi adzathime dziko lonse," ankayankha mkuluyo. "Inu sitani msanga asanathime."

Anthu atadandaula kwa nthawi yaitali, kunabwera mtsikana wopima mpweya, atamanga kabokosi koyera kumbuyo kwa njinga yamoto. Anasankha khonde la Mayi Buluu popeza linayang'anizana ndi chumuni.

"Kamakoka mpweya ngati mphuno, mayi," anatero akukakhomera pamzati. "Tikapeza kuti utsi wapyola muyeso, a siteshoni adzakakamizidwa kuika zosefera. Chonde musakasunthe, musakazimitse."

"Pakhomo pano sipasowa kanthu, mwanangu. Pita ndi mtima umodzi."

Kutacha, kabokosi kaja kanali katada kale pamwamba. Mayi Buluu anagwira pakamwa. Katundu wa eni ake, wodula chonchi, adzamupeze ali bii pakhonde pawo? Adzati mayiyu ndi wotani? Anatenga nsalu yokhuthala ya patebulo, anaipinda pawiri, anakavindikira konsekonse n'kumanga ndi chingwe kuti mphepo isaulutse.

"Mwakaveka ngati mkwatibwi," anaseka amuna awo, kusekako n'kuthera m'chifuwa.

Nsaluyo ankaichapa masiku onse, madzi ake akuda ngati otsukira mphika. Akamva njinga yamoto ikukhota pakona, ankaivundukula msangamsanga n'kupukuta kabokosiko, monga amachitira munthu ndi mipando mlendo akamafika. Mtsikanayo ankakapeza kakung'anima, ankathokoza, n'kumapita.

Zotsatira anadzazinena pamsonkhano, m'kalasi ya pasukulu yapafupi. Mtsikanayo anaima kutsogolo nkhope ili yogwa. Anati mpweya wa mumsewumo sunafike pa muyeso woopsa, choncho palibe chowakakamizira a siteshoni.

"Akudyetsa!" anakuwa mayi wina wogulitsa masamba. "Bwera udzagone kwathu, udzuke ndi mphuno zakuda!"

"Sindinadye cha munthu, mayi," anayankha mtsikanayo. "Inenso zandizunguza mutu. Kasefa ka m'kati kanatuluka koyera ngati kabokosiko kanali m'kabati."

Mayi Buluu anakumbukira nsalu yawo ya patebulo. Akanatha kukhala chete, palibe akanadziwa. Koma anthu anali atayamba kumuunjirira mwana wa eni ake, wina atagwira kale chipewa chake cha panjinga. Mayiwo anaimirira.

"Mwanangu, ndifunse. Kodi kansalu kangaletse?"

"Kansalu kanji, mayi?"

Anafotokoza zonse, osachotsa kapena kuwonjeza. Kenaka telala wa pakona anawomba m'manja kamodzi.

"Ha! Mayi Buluu, mwatichapira ndi mpweya womwe!"

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. Wogulitsa masamba uja anatuluka osawayang'ana. Mtsikanayo anakhala pabenchi atagwira mutu.

"Cholakwa n'changa, sindinakuuzeni kuti musakavindikire," anatero. "Koma kabokosiko kanapita kale kudera lina, ndipo akukadikira ndi ambiri. Ndikapempha kuti tidzapimenso. Sindikunamizeni kuti ndi posachedwa."

Chifuwa sichidikira pempho. Nyengo yozizira itafika, utsi unkagona pansi osakwera, ndipo dokotala ananena mosabisa kuti mkuluyo achoke pafupi ndi chumuni. Mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, anabwera ndi galimoto yobwereka kudzawatenga. Mayi Buluu sakanatsagana nawo. Kumeneko malo ogona analipo a munthu mmodzi, ndipo owapatsa zochapa, ochepa amene anatsala utatha msonkhano uja, anali konkuno.

Mkuluyo anafika pagalimoto atapuma kawiri panjira. Chikhalireni m'banja, awiriwa anali asanasiyanepo.

"Musadzizunze, mayi," anatero ali pawindo. "Ndinaona ndi maso anga mukukavindikira kabokosi kaja, ndipo ndinangoseka. Tinalakwa tonse."

Mayi Buluu anagwira chitseko cha galimoto mpaka mwana wawo anawachotsa dzanja pang'onopang'ono.