Matayala amene tinasankha ku Madisi

Bambo a Tadala, lero chatha chaka chitisiyireni. Kuyambira m'mawa ndikungokumbukira Loweruka lija tinapita ku Madisi kukafuna matayala akaunjika ndi malimu a kagalimoto kanu kampikisano, poti atsopano sitikanakwanitsa. Munagwada pafumbi n'kumapapasa tayala lililonse, kwinaku mukuona ngati mabowo a malimu akugwirizana ndi mabawuti. Wogulitsa atatulutsa malimu onyezimira, munapukusa mutu. "Awa ngolemera, achimwene. Ndikufuna opepuka, ndipo kumbuyo kukhale matayala otakata, ogwira msewu ponyamuka." Kenako munatembenukira kwa ine. "Mayi a Tadala, pa opepukawa sankhani ndinu, kuti ndikadzapambana muzidzanyadira." Ndinaloza akuda, inu n'kuseka.

Mpikisanowo simunaufike, matenda anakutengani mvula isanagwe. Galimoto idakali pansi pa mango kuno ku Bowe, matayala anaphwa, ndipo nkhuku zikuikira mazira pampando wanu. Abale anu akuti mawa abwera ndi wogula. Tadala wandifunsa kuti mudzayendetsa chiyani mukadzabwera. Ndangomutuma kumjigo.