Wailesi Yaikulu ya Pansi pa Bedi

Kawailesi kathu kanali kakuda, kokwana m'dzanja limodzi, ndipo mlongoti wake utathyoka tinaikapo sipoko ya njinga. Amayi anakagula pamsika wa Namadzi atagulitsa nandolo, chaka chimene achemwali anga analemba mayeso a Sitandade 8. Ine ndinkachita nako manyazi, poti m'nyumba momwemo munali wailesi yaikulu ya makaseti awiri imene amalume anatibweretsera kuchokera ku Joni.

Yaikuluyo inkafuna mabatire asanu ndi atatu nthawi imodzi. Inalira tsiku limodzi lokha, ana a mudzi wonse n'kudzaza pabwalo pathu. Amalume atangobwerera ku Limbe kumene ankakhala, amayi anachotsa mabatire onse, wailesi n'kuibwezera m'katoni mwake, n'kukankhira pansi pa bedi. Mabatirewo ankaika m'kawailesi awiriawiri, moumira ngati mchere wa mwezi wa njala. Tinkamvera mapemphero a m'mawa ndi nkhani basi. Akafooka, ankawayanika padenga kuti dzuwa liwadzutse.

Amalume anabweranso nyengo yotentha, mango asanapse. Ataona mphatso yawo ili pansi pa bedi anakhumudwa, nati mlongo wawo sadziwa chinthu chabwino. Amayi anangoseka: "Achimwene, wailesi yanuyi imadya kuposa ana anga."

Koma anadza ndi nkhani ina yolemera. Banja lina ku Limbe linkafuna mtsikana wolera mwana, ndipo iwo anali atalonjeza kale. Masiku amenewo maina a osankhidwa kupita ku sekondale ankawerengedwa pawailesi, kalata n'kutsatira patapita milungu. Amalume anati sangadikire kalata: dzina likapanda kumveka, mawa lake anyamuka ndi achemwali. Lero sindiwaweruza. Ankaona mlongo wamasiye ndi ana anayi.

Maina anayamba masana. Tinakhala pakhonde, aphunzitsi a achemwali nawonso anabwera. Malata ankathetheka ndi kutentha, achemwali akungokanda pansi ndi kamtengo. Wowerengayo anayambira kumpoto. Pofika chigawo chapakati mawu anayamba kunong'ona, amayi n'kusintha mabatire. Awiri enawo anafera pa Blantyre. Apo ndinkayesa atha onse. Amayi anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kutulutsa awiri omaliza, osagwirapo ntchito chiwachotsereni m'wailesi yaikulu ija.

Boma lathu la Chiradzulu linamveka bwinobwino, ndipo dzina la achemwali linatuluka, ndi sukulu yogonera komweko. Aphunzitsi anaimirira osadziwa kuti aimirira. Amayi anagwada pafumbi pomwepo, milomo ikuyenda popanda mawu. Ambuye ndi abwino, mpaka lero ndikakumbukira ndimapuma mozama. Amalume anatsokomola, nayang'ana kuphiri, nati, "Basi, akalera okha mwana wawoyo."

Ine ndinathamangira pansi pa bedi, ndikuti lero lokha yaikulu ilire tivine. Amayi anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisakhudze ngakhale katoni. Mlungu wotsatira wailesi ija inakwera njinga kupita kwa mwini sitolo wina ku Namadzi, ikununkhirabe zatsopano. Njingayo inabwerako ndi sutikesi, bulangeti, ndowa ndi nsapato zakuda.

Ndinalira tsiku lonse. Ndinkaganiza kuti amayi amadana ndi nyimbo ndiponso zinthu zokongola. Sindikanatha kudziwa kuti miyezi yonseyo, mayeso asanachongedwe n'komwe, iwo anali atayamba kale kulongedza katundu wa mwana wawo.