Maenje a M'munda wa Amama

Ndinaganiza zochoka kwathu chaka chomwe ukwati wanga unatha. Ndinali nditabwerera kwa amama, kumudzi chakumadzulo kwa Jenda, ndili ndi satifiketi ya folomu 4 yokhoza bwino sayansi koma yosowa koipereka. Anzanga ankakwera mabasi a ku Joni. Ine ndinalowera kwina. Msuweni wathu amene ankakhala ku Zambia, mu mzinda wa migodi ya kopa, anatumiza mawu oti pa yunivesite ina yaing'ono akufuna munthu wothandiza mu labu. Ndinawauza amama tikutong'ola chimanga pakhonde. Sanadzutse mutu.

"Mbwenu pitani, NyaShaba," anatero. "Chawanangwa alipo."

Chawanangwa ndi mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga. Adada anali atamwalira kale, ndipo kwa amama tinabadwa awiri basi.

Ntchito ndinaipeza mu dipatimenti ya sayansi ya miyala. Ndinkatsuka mabotolo, kusesa, ndi kucheka miyala pa makina mpaka kachidutswa kapepuke ngati chikhadabo, kuti kuwala kuzidutsa. Ndikamata pagalasi, ophunzira ankakaona pa maikulosikopu. Zala zanga zinkakhala zoyera ndi fumbi sabata yonse.

Mkulu wa dipatimenti, Dokotala Chileshe, ankafotokoza mbiri ya malowo chaka chilichonse ophunzira atsopano akafika, ndipo ine ndinkaimvera kumbuyo ndikuyala mipando. Akuti poyamba kunalibe yunivesite. Kunali chipinda chimodzi chosungiramo katundu wa mgodi, momwe akapitawo ankaphunzira kuyeza kopa wa m'mwala akaweruka, n'kulandira satifiketi. Kenako kunadza dipuloma ya zoyeza malo. Yunivesite itatsegulidwa inatenga kasukuluko n'kukasandutsa dipatimenti, ndipo digiri yoyamba inali ya miyala. Mitsinje ya m'deralo itayamba kuipa ndi zotayidwa za m'migodi, anatsegula digiri ya madzi a pansi pa nthaka, pambuyo pake ya zachilengedwe. Ya masitazi inayamba ine ndilipo kale.

"Digiri iliyonse pano inabadwa chifukwa cha vuto linalake," ankatero mkuluyo. "Anthu akaiwala vutolo, kalasi imauma."

Ndinkakhala m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye. Chibemba ndinachiphunzira cha pamsika, chogulira tomato, osati chochezera. Aliyense ankanditchula "ba Malawi", ndipo pankatha miyezi osamva munthu akundiitana NyaShaba. Lamlungu ndikabwera kutchalitchi ndinkachapa zovala zomwe sizinade, kungofuna kuti tsiku lithe. Ndikalandira malipiro ndinkatumiza ya feteleza ndi ya chigayo. Pafoni amama sankatalikitsa nkhani. "Yewo chomene, zafika. Tili makora. Mvula kumeneko ikugwa?" Zikatero foni ankampatsa Chawanangwa.

Ogwira ntchito pa yunivesitepo ankaloledwa kuphunzira pa mtengo wotsika, choncho nditakhazikika ndinalembetsa. Zaka zoyambirira tonse tinkaphunzira limodzi, kenako aliyense ankasankha njira yake. Chawanangwa atamva anandiimbira yekha, zomwe sankachita kawirikawiri.

"Adumbu, tengani ya miyala," anatero, akunditchula mmene timatchulira mlongo kwathu. "Kuno anthu akufukula miyala yodula ija ya akwamarini. Wina wa kutsidya kwa dambo wagula galimoto."

Ndinasankha ya madzi. Ya miyala inkafuna maulendo aatali a kutchire omwe sakanagwirizana ndi ntchito ya mu labu. Nditamuuza anaseka.

"Madzi? Madzi nawo amaphunzira ku yunivesite?"

Digiri ndinaimaliza mochedwa kuposa anzanga, ndipo pa tsiku lovala mkanjo panalibe wa kwathu. Chithunzi ndinatumiza pafoni. Patapita zaka zingapo ophunzira a madzi anachepa, digiriyo anaiphatikiza ndi ya zachilengedwe, ndipo ena mwa ife kontilakiti yathu itatha sanaiwonjezere. Panalibe mkangano. Dokotala Chileshe anandigwira chanza, ine ndinamanga katundu.

Ndinadzera ku Lundazi, n'kutsika pa Jenda nthawi ya chilimwe. Masitolo anali atachuluka, koma anyamata omwe ndinkawadziwa sindinawaone. Wanjinga yamoto amene ananditenga ankandilozera nyumba zamalata m'njira: uyu ali ku Joni, uyu ali ku Joni, uyu anabwera m'bokosi.

Amama anali atafupika. Titalonjerana ndi kupemphera, ndinazungulira kuseri kukaona munda. Mbali ya kumtunda, komwe chimanga chinkachita bwino, kunali maenje okhaokha, ena akuya kupitirira msinkhu wa munthu, ndi milu ya dothi lofiira ndi miyala yoyera. Chawanangwa anabwera ndi chidebe n'kukhuthulira miyala pa chiguduli.

"Onani, adumbu. Mwaphunzira ndinu."

Ndinakhala pansi n'kuiona umodziumodzi, ina ndikuinyowetsa ndi malovu, ina ndikuiloza kudzuwa. Yambiri inali nsangalabwi wamba. Panali timapepala tonyezimira ta mika, ndi tizidutswa tochepa tobiriwira, tong'ambika mkati monse, toti wogula sangatiyang'ane kawiri. Ndinamuuza momwe zinalili.

"Inu mwaphunzira za madzi," anatero, akubweza miyala m'chidebe. Sanakwiye, ndipo zimenezo zinandidabwitsa.

M'mawa mwake anapita kumaenje. Ine ndinatsala ndi amama akusankha nyemba palichero. Ndinawafunsa chifukwa chomwe analolera kuti munda uwonongeke chonchi, komanso komwe feteleza yemwe ndinkatumizira ndalama ankathiridwa, poti chimanga m'nkhokwe chinalekeza pakati.

"Ndalama zina zinkapita kwa aganyu okumba," anayankha.

"Amama, mulibe kanthu m'maenjemo."

"Ndikudziwa, mwana wane. Miyalayo anapita nayo ku boma kalekale. Ogula miyala anamuuza zomwe mwamuuzazo."

"Nanga bwanji simunamuletse?"

Anataya kachitsotso pansi. "Anzake onse anapita. Iye ankati akapeza mwala umodzi wabwino, alibe chifukwa chopitira ku Joni. Ndikanamuuza kuti aleke kukumba, akanakwera basi. Inu muli ku Zambia, iye ku Joni, ine ndikanatsala ndi ndani? Chimanga chochepa ndimatha kudya pang'onopang'ono."

Zaka zonsezo ndinkadziona ngati ndine wosenza nyumbayi chifukwa ndalama zinkachokera kwa ine. Sindinadzifunsepo kuti munthu wotsala amatsala bwanji, ndiponso amauza chiyani anzake akamabwera pa Khirisimasi ndi mawilo anayi ndi mafoni atsopano.

Ntchito ndinaipeza ku Mzimba boma, kwa anthu ena okumba mijigo. Ndimawayezera malo oti abowole, ndipo Lachisanu ndimakwera minibasi kubwerera kumudzi. Malipiro ndi ochepa kuposa a ku Zambia, komanso amabwera pomwe ntchito yapezeka.

Mvula yoyamba isanagwe, Chawanangwa anandipeza pamjigo ndikutunga madzi. Anandithandiza kupopa, kenako anaima.

"Adumbu, mwabwereratu, kapena mudzapitanso?"

"Ndabwereratu."

"Mbwenu ine ndinyamuke. Pasipoti ndinatenga kale, ndimangoisunga."

Ndinamufunsa ngati amama akudziwa. Anati ndiwauze ndine, chifukwa iye sangathe kuwayang'ana kumaso. Ndinakana, ndipo madzulo ake anawauza yekha ine ndili pomwepo. Amama anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa ngati ali ndi jekete yokhuthala, poti amamva kuti kumeneko kumazizira. Tinamuperekeza pa Jenda. Tsopano ndi iye amene amaimba foni n'kufunsa za mvula, ndipo ine ndimayankha kuti tili makora.

Maenje tinakwirira ndi aganyu chaka chomwecho. Dothi lachonde linapita pansi, lofiira linabwera pamwamba, ndipo chimanga cha pamenepo chimalekezera m'chiuno, masamba achikasu. Alangizi akuti tizithira manyowa, nthaka idzabwerera pakapita zaka. Dzenje limodzi la kumalire amama anakaniza kukwirira. Akuti mwini wake akadzabwera asadzapeze ngati sanagwirepo ntchito.