Wotchi ya Aphunzitsi

Nkhope ya wotchi ija inali yoyera mbee ngati mkati mwa mbale zachitsulo zimene amayi ankatulutsa pa Idi pokha, ndipo manambala ake anali abuluu. Mwini wake anali aphunzitsi athu, munthu wa kumpoto, amene ankati anapatsidwa ndi wansembe wina wokalamba wa ku Malindi. Itayima, anakaisiya kwa amalume, omwe ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ina pa boma la Mangochi.

"Si penti iyi, iwe," anatero amalume pondionetsa. "Ndi galasi lopera ngati ufa, amalithira pa mkuwa n'kuwotcha kangapo. Likang'aluka amataya, n'kuyambanso. Ili silisuluka mpaka Kiyama, tsiku lachiweruzo."

Inali nyengo ya mango, kutentha kosaneneka, msika wonse ukununkha usipa. Aphunzitsi anangosiya kubwera kusukulu. Ena ankanong'ona za galimoto ya boma. Nditafunsa amayi, ananditsina khutu: "Dzina limenelo lisamveke m'nyumba muno." Ine mutu unaima. Dzulo lomweli tinkawapatsira chambo, lero dzina lawo lasanduka chitukwano?

Kenako anyamata a chipani, aja ankafunsa makadi pamsika, anayamba kufunsanso amene ankacheza ndi aphunzitsiwo. "Achimwene, kaiponyeni mu Shire wotchiyo," amayi anadandaula. "Tauni yonse ikuidziwa nkhope imeneyo. Mukufuna akutengeni nanunso?"

Lachisanu lina amalume atachokera ku mzikiti, anachotsa galasi lapamwamba la wotchiyo, n'kuviika nthenga ya nkhuku m'penti yakuda ya njinga. Ndinaona kuyera konse kuja kukumira. Ndinalira, ndipo ndinadana nawo, sindibisa. Munthu amene ankandiletsa ngakhale kupumira pa wotchiyo, yemweyo n'kuinyansitsa chonchi!

Chinandizunguza kwambiri n'chakuti sanaibise. Anaiika poyera pa tebulo, pakati pa mawotchi akufa, koma m'mawa uliwonse ankaipukusa. Wotchi yopanda manambala, ankaipukusira ndani? Tsiku lina mnyamata wa chipani anainyamula.

"Chinyansi ichi n'cha ndani, madala?"

"Mwini wake adzabwera," anatero amalume, maso ali pa ntchito. Mnyamatayo anaseka n'kuiponya pa tebulo.

Aphunzitsi sanabwere. Amalume atamwalira, ine ndili kale ndi ana anga, ndinaipeza m'kachitini ka masipuling'i. Ndinadontheza parafini pa kansalu n'kupukuta, basi penti yonse inachoka ngati mwaye. Pansi pake panali poyera mbee, manambala abuluu onse ali m'malo mwake.

Amalume ankadziwa kuti penti simamatira pa galasi, anandiuza okha tsiku loyamba lija kuti ndi galasi. Koma mwana uja wa pakhonde, madzi a mango akutsikira m'zigongono, ankangoona munthu akuwononga chinthu chokongola. Sankadziwa kuti amalume okha m'tauni yonse ndiwo ankadikirabe aphunzitsi.