Ng'oma yanga, mpweya wa agogo

Ndikukumbukira chaka chimene mpingo wathu, kufupi ndi Kandeu, unasamuka m'tchalitchi chaudzu kupita m'chanjerwa pamwamba pa chitunda. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, mtsikana yekhayo m'bandi ya pasukulu pathu, ndipo ndinkaimba ng'oma yaikulu. Sikuti anandipatsa chifukwa cha luso ayi. Anyamata onse ankalimbirana malipenga, ine n'kupezeka ndili ndi msana wozolowera kusenza mbatatesi.

Akuluakulu a mpingo anakonza zoti pa tsiku lotsegulira anthu adzagube kuchokera kutchalitchi chakale, bandi ili patsogolo. Agogo anga aamuna, a Ngozo, atamva anapukuta lipenga lawo. Anabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni, komwe ankaimba m'bandi ya pakomponi, koma anabwerakonso ndi chifuwa chosamva mankhwala. Akuluakulu aja anawapempha mwaulemu kuti adzangokwera ngolo.

"Ine pangolo? Ndasanduka thumba la feteleza?" anatero agogo.

Anali munthu wamakani, wosapepeseka, choncho anagwirizana kuti ayambe nafe, koma ngolo izitsatira pambuyo. Akangobanika panjira, awanyamule n'kuwakweza anthu onse akuona. Ine ndinadziwa kuti zimenezo zikachitika, agogo sadzatulukanso m'nyumba ndi lipengalo.

Pokonzekera, aphunzitsi athu a Mbewe anapeza vuto loyamba. Lipenga la agogo linali lakale, mawu ake otsikirapo pang'ono, moti likalira pamodzi ndi a sukulu makutu ankawawa. Aphunzitsi sanawauze agogo kuti akwere. Anauza anyamata kuti azisolola kachitoliro kakumbuyo kwa malipenga awo pang'onopang'ono, mpaka mawu onse anagwirana kukhala amodzi. Vuto lachiwiri linali nyimbo. Tinkayamba ndi matchi, nyimbo yogubira, ndipo tikayandikira tchalitchi tinkayenera kulowa m'nyimbo ya m'buku. Nyimbo ya m'bukuyo inkayambira pamwamba, ndiye aphunzitsi anaitsitsa kuti iyambire pa liwu lomwelo pamene matchi inkathera. Ankati nyimbo ziwirizo zikhale pa kiyi imodzi, agogo asaime n'kumafufuza poyambira, pakuti akangoima chifuwa chinkawapeza.

Kenaka aphunzitsiwo ananditembenukira.

"Nangozo, zonsezi n'zachabe iwe ukathamanga. Anthu satsatira ine, amatsatira ng'oma. Uziyang'ana mapewa a agogo ako. Akakwera ndiye kuti akukoka mpweya, usawalande nthawi imeneyo."

Tsikulo kunazizira monga kumachitira kwathu mu Juni. Anyamata ankauzira mpweya wotentha m'malipenga tisanayambe, chifukwa lipenga lozizira limatsika mawu. Tinanyamuka bwino, agogo ali patsogolo panga m'jekete lawo lakuda lonunkha m'bokosi, fumbi likukwera pang'onopang'ono.

Zinavuta titafika patsinde pa chitunda, pomwe khamu linkatidikira. Amayi anayamba nthungululu, ena kuwomba m'manja, ndipo m'manja mwa anthu osangalala simuchedwa kuthamanga. Yohane, amene ankaimba kang'oma kakang'ono pambali panga, anatengeka nawo. Nanenso dzanja linkandiyabwa, chifukwa matchi yothamanga imakoma, sindinama. Apo n'kuti azakhali anga atafuula pakati pa anthu:

"Iwe mwana, ng'omayo yagona kodi? Tikupita kumaliro?"

Anthu anaseka. Manyazi anandigwira mpaka misozi inalengeza. Koma nditayang'ana kutsogolo ndinaona mapewa a agogo akukwera pafupipafupi, mitsempha ya m'khosi itatupa, mwendo ukukoka. Kumbuyo ndinkamva mateyala a ngolo akulira.

Ndinamugunda Yohane ndi chigongono. Kenaka ndinayamba kumenya ng'oma mwamphamvu kuposa kale, koma osawonjezera liwiro ngakhale pang'ono. Du! Ndidikire mapewa atsike. Du! Kwa kanthawi zinasokonekera, anthu akukokera kwawo, ine kwanga, ndipo ndinaona akuluakulu awiri akuyandikira agogo, manja ali chire. Ine sindinasinthe kamenyedwe. Pang'onopang'ono amayi anayamba kugonja, kuwomba kwawo kunagwera pa ng'oma yanga, mapazi a khamu lonse n'kumatsika pansi nthawi imodzi. Chitunda chonse chinkayenda pa dzanja la mwana wa sitandade sikisi.

Pamene matchi inkatha, agogo sanachotse lipenga pakamwa. Anagwira liwu lomaliza lija n'kulowa nalo m'nyimbo ya m'buku, moti anthu anangozindikira akuimba kale. Tinafika pakhomo pa tchalitchi agogo akuyenda ndi miyendo yawo, ngolo ikubwera pambuyo itadzaza ana.

Agogo anakhala pakhonde n'kutsokomola nthawi yaitali. Atapeza mpweya anandikodola.

"Wachedwetsa nyimbo, Nangozo. Ku Joni akanakuchotsa ntchito."

Akunena zimenezo anandipatsira lipenga lawo kuti ndiwanyamulire, lipenga limene ngakhale agogo aakazi sankaloledwa kulikhudza. Ndinalowa nalo m'tchalitchi nditalikweza pachifuwa, ng'oma ili kumsana, osayang'ana n'komwe kumene kunakhala azakhali. Chibadwire sindinanyadepo ngati tsiku limenelo.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo ndimatsogolera kwaya ya amayi ku Nsipe. Atsikana amadandaula kuti nyimbo zanga zimayenda ngati zatopa, ine ndimangowasekerera. Ndinamvetsa kuti liwiro la nyimbo silichokera m'buku kapena kwa amene akufuula kwambiri. Ndisanakweze dzanja, ndimayamba ndafufuza pamzere wakumbuyo mayi amene mpweya wake ndi wochepa kuposa tonse, ndipo nyimbo imayenda monga iye angathere, kuti tikaimalize tonse.