Mwendo wa a Wilbert ku Botaniki

Lonely Chikuse anali telala wa pakhonde ku Old Town. Makina ake ankakhala pambali pa chitseko cha sitolo ya nsalu ya mayi Hajra, mzimayi wachimwenye wobadwira mu Lilongwe momwemo, amene Chichewa ankachiyankhula ngati wa ku Nathenje. Munthu akagula nsalu m'sitolomo, potuluka ankamupeza Lonely atakoloweka tepi m'khosi. Kusoka anaphunzira kwa azakhali ake ku Mitundu akadali mtsikana, ndipo pakhonde pomwepo m'pamene anadziwanirana ndi a Wilbert, dalaivala wa unduna wina ku Capital Hill, atabwera ndi thalauza lakufa zipi. Thalauzalo linachedwa kutha, chifukwa mwini wake sankasowa chifukwa chobwereranso.

A Wilbert anali munthu wansangala, wa mawu aakulu, woyenda ngati pali chimene chikumuthamangitsa. Popita kutchalitchi Lonely ankatsalira m'mbuyo akudandaula. Anakhala zaka zambiri m'nyumba ya boma ku Area 18, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Madalitso, anakulira momwemo mpaka kukwatiwa ku Mzuzu.

M'mawa wina nyengo yozizira, a Wilbert anawerama kuti amange zingwe za nsapato, osaweramukanso. Lonely anawapeza atagwa chammbali pakhomo, pakamwa patapotoka, akumuyang'anitsitsa ngati ali ndi nkhani yaikulu yoti amuuze. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka, mawu nawo anathawa. Otsalawo ankatuluka limodzilimodzi, movutikira.

Powatulutsa, mayi wochititsa mafizo anamukokera Lonely pambali.

"Mwendo uwu sunafe, wangogona," anatero. "Aziyenda tsiku lililonse. Mukawasiya pampando, agonera pomwepo."

Mawu amenewa Lonely anawagwira ndi manja awiri. Kuchokera kuntchito nako kunabwera uthenga woti madokotala adzawaunika a Wilbert mvula ikamayamba. Akadzapezeka akuyenda okha, mwina adzapatsidwa ntchito yopepuka ya muofesi. Akadzalephera, adzapuma pantchito, ndipo nyumbayo idzapita kwa wina.

Koma a Wilbert anakana kutuluka panja. Tsiku loyamba limene Lonely anawafikitsa pageti, amayi a nyumba yoyandikana nayo anasiya kuchapa n'kuyamba kuwamvera chisoni mokweza. Ana anaima n'kumayang'ana mwendo ukukhwekhwereza fumbi. A Wilbert anatembenuka, nabwerera m'nyumba, ndipo kuyambira pamenepo ndodo ankaikankhira pansi pa bedi.

Kenaka kunabwera a Ackson, mkulu wawo wa a Wilbert, kuchokera kumudzi ku Kasiya. Anakhala pampando, chipewa pabondo, akuyang'ana mng'ono wawo akulephera kunyamula kapu.

"Alamu, tipatseni mbale wathu," anatero. "Mwayesetsa, taona. Koma awa si matenda a mapiritsi. Kumudzi kuli anthu odziwa."

"Ayenda, alamu. Adokotala anena."

"Akadzafera m'manja mwanu mudzatiuza chiyani?"

Lonely anapempha kuti amupatse mpaka tsiku la madokotala lija. A Ackson anavomera mokakamizika, ndipo pochoka sanatsanzike bwino.

Tsiku lotsatira Lonely anasoka mkono wa diresi motembenuza, kenaka anausokanso motembenuza. Mayi Hajra anamuona akung'amba ulusi ndi mano, misozi ikugwera pansalu ya mwini. Anamuitanira kuseri kwa kauntala, ndipo Lonely anafotokoza zonse.

"Bwerani nawo ku Botaniki," anatero mayi Hajra. "Ine ndimayenda kumeneko m'mawa uliwonse chifukwa cha shuga wangayu. Kuja aliyense amasamala thukuta lake, palibe woyang'ana mnzake. Ndizidzakutengani pagalimoto, ndi njira yomweyo."

Sinali njira yomweyo, Lonely ankadziwa, koma sanatsutse.

Pa zaka zonse zimene anakhala ku Area 18, Lonely anali asanalowemo m'paki imeneyi. Ankangoiona pawindo la minibasi, n'kumaganiza kuti ndi malo a akwati ojambulitsa zithunzi ndi mabwana ofuna kuphwetsa mimba. Atalowa anadabwa ndi kukula kwake: mitengo ya m'bawa italiitali, nsungwi zolira ndi mphepo, tinjira tokhotakhota totsikira ku mtsinje wa Lingadzi. Anyamata ndi atsikana ankadutsa akuthamanga, timawaya tili m'makutu. Pansi pa mitengo ina panali timagulu ta amayi opemphera. Zinalidi momwe ananenera mayi Hajra: palibe amene anacheuka.

A Wilbert anayang'ana uku ndi uku, nalandira ndodo.

Anayamba ndi kamtunda kochokera pomwe paima galimoto kukafika pa benchi yoyamba. Lonely ankalowa kunsi kwa mkono wofookawo, dzanja lake litagwira lamba wa thalauza lawo kumbuyo. Phazi likakana kunyamuka ankalikankha ndi lake. Pofika pa benchipo onse awiri malaya amakhala atanyowa. Mayi Hajra akamaliza kuzungulira kwawo ankawabweza kunyumba, ndipo Lonely ankawasambitsa, kuwadyetsa, kuwasiyira wailesi pafupi, n'kuthamangira minibasi ya ku Old Town. Makasitomala ena anatopa ndi kudikira, anapita kwa atelala ena. Iye sanasamale. Maso ake onse anali pa mwendo uja.

Ndipo mwendowo unayamba kumva. Kutentha kwa Okutobala kusanafike pachimake, a Wilbert anali akudutsa benchi yoyamba ija osapuma. Tsiku lina anaseka ataona pusi akulanda nthochi kwa munthu wojambula zithunzi, kuseka kwa mbali imodzi ya pakamwa, koma kuseka ndithu. Lonely anaimbira foni Madalitso kumuuza.

Loweruka lina kunabwera gulu la ogwira ntchito ku unduna kuja, atavala malaya ofanana, akuthamanga n'kumaimba. Mmodzi anawazindikira.

"Ee, a Chikuse! Madala, mukuchira? Limbani, galimoto yanu ikukudikirani!"

Anawagwira paphewa, nathamangira anzake. A Wilbert anaima poteropo nthawi yaitali. Amenewo anali anthu amene iwo ankawanyamula, kuwaseketsa m'njira yonse ya ku Salima. Tsopano analephera ngakhale kuwabwezera moni. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kulemera m'manja mwa Lonely. Ankayenda, koma ngati akuyendera wina.

Mitambo inayamba kusonkhana masana. Uthenga unabwera woti madokotala awaona sabata yotsatira. A Ackson anaimba foni kunena kuti apeza kale galimoto yodzawatengera. Lonely anasiya kudya bwino. Ankangoganiza za khonde lalitali la kuchipatala, ndi a Wilbert akuyendamo okha pamaso pa madokotala, popanda phewa lake.

M'mawa wa Lachinayi kunacha kuli mdima wa mvula. Atafika pamene ankabwererapo masiku onse, a Wilbert anatembenuka kuti azibwerera.

"Ayi, bambo a Mada, lero tifika kumtsinje," anatero Lonely.

Iwo anapukusa mutu.

"Tifika. Ndipo muyenda nokha."

Anachotsa phewa lake, nasiya lamba uja, n'kukaima patsogolo pawo atatambasula manja ngati mayi wophunzitsa mwana kuyenda. Kanjira kameneko n'kotsetsereka, ndipo mizu ya mitengo inatulukira pamtunda. A Wilbert anamuyang'ana ndi maso opempha. Lonely anayang'ana kumbali.

"Bwerani. Mukufuna akutengereni ku Kasiya akakutemeni mphini thupi lonse? Mukufuna atitulutse m'nyumba? Bwerani!"

Anabwera. Anaponda, nakoka mwendo, napondanso. Mtima wa Lonely unayamba kugunda ndi chimwemwe, ndipo anabwerera m'mbuyo kuti awonjezere mtunda. Pamenepo phazi lofooka lija linakodwa mumuzu. Ndodo inauluka. A Wilbert anagwa ndi mbali yakumanja, imene sikanatha kudziteteza, ndipo mutu unagunda pansi.

Lonely anawagwira m'khwapa n'kukoka. Sanasunthe. Anayesa kuwakhazika tsonga, anabwerera pansi akubuula. Magazi anayamba kutsika pachipumi kulowa m'diso. Mvula inayamba kudontha, madontho akuluakulu, kenaka inakhuthuka.

"Dzukani! Ndithandizeni, inunso dzikankheni! Bambo a Mada, musandichite zimenezi!"

Anawagwedeza, anawakalipira, anawapempha. Iwo ankangomuyang'ana, madzi akulowa m'kamwa mopotokamo. Milomo yawo inavutika nthawi yaitali, kenaka mawu anatuluka omveka bwino kuposa ena onse chiyambire matendawo.

"Lonely. Ndatopa."

Foni anali ataisiya m'galimoto. Anakuwa, koma mvula pansungwi inameza mawu ake. Othamanga onse anali atathawira kumagalimoto awo. Anavula chitenje chake, nawafunditsa kumutu, n'kuyamba kuthamanga. Lonely anali asanathamangepo chichokereni kusukulu. Patapata imodzi inatsalira m'matope, inayo anaitaya yekha. Anagwa, nadzuka, chifuwa chikuwotcha. Tinjira tonse tinafanana, ndipo anazindikira kuti akuzungulira malo amodzi. Anaima pakati pa mitengo n'kulira mokweza ngati pamaliro.

Amene anamumva anali amayi opemphera aja, omwe anabisala pansi pa mtengo waukulu. Anatuluka atanyamula mabaibulo m'majumbo.

"Mayi, kwagwanji?"

"Amuna anga! Agwa kumtsinje, ndawapha ine!"

Sanafunsenso zambiri. Wamkulu wawo, mayi wonenepa wa duku loyera, anatuma mmodzi kuti akaitane mwini galimoto imene inawabweretsa a Wilbert, enawo anamutsatira Lonely. Anawapeza a Wilbert akunjenjemera, maso ali otsegula. Amayiwo anayala zitenje zawo pansi mophatikiza, anawagoneka pamenepo, nagwira m'makona ndi m'mbali. Anakwera nawo chitunda chija akuterereka, wina akuyambitsa nyimbo yapansipansi kuti mapazi agwirizane. Mayi Hajra anakumana nawo panjira, mpango wawo wakumutu utamatirira kumaso, ndipo nawonso anagwira nsonga ya chitenje.

Kuchipatala anawasoka pachipumi. Fupa la paphewa linali litathyoka, koma mutu unalibe vuto lina. Lonely anakhala pambali pa bedi, zovala zikuumira m'thupi, osatha kuwayang'ana kumaso.

"Ndinakukakamizani," anatero pomaliza. "Ndimaopa."

A Wilbert anatambasula dzanja lamanzere, namugwira chala chimodzi.

Madokotala aja anawaona ali pa njinga ya odwala, mkono uli m'nsalu. Nkhani sinatalike. Anawapumitsa pantchito, ndipo anauzidwa kuti achoke m'nyumba ya ku Area 18 mvula ikatha. A Ackson anabwera ndi galimoto yawo ija, ukali uli pankhope, ndipo ataona bala la pachipumi anayamba kuyankhula zambiri. Lonely mphamvu zotsutsa zinali zitamuthera. Anangolowa kuchipinda kukalongedza zovala za amuna ake. Ali mkati anamva ndodo ikugogoda pansi mwamphamvu.

"Ayi," anali mawu a a Wilbert. "Achimwene. Ayi."

"Ukukana kwanu?"

"Pano. Ndi... uyu."

A Ackson anadya chakudya chamasana, nabwerera okha ku Kasiya.

Banjalo linasamukira ku Chinsapo, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kopanda siling'i. Mipando ina anaisiya kwa anthu chifukwa inalibe pokhala. Lonely anabwerera pakhonde paja kukayambiranso kusaka makasitomala, ndipo masana a Wilbert ankakhala okha. Za kuyenda anasiya kuwauza. Ndodo ankangoiimika pafupi ndi mpando, n'kumapita. Mumtima anali atavomereza kuti mwina basi, moyo wawo watsala wa pampando pomwepo, ndipo m'minibasi ankalira mwakachetechete atayang'ana kunja.

Madzulo ena dzuwa lisanalowe anafika kunyumba n'kupeza chitseko chili pululu, pampando palibe munthu. Anayang'ana kuchipinda, kubafa, kuseri kwa nyumba. Anatuluka akuthamanga kulowera kumsewu, akufunsa aliyense wokumana naye.

Anawaona pa kagolosale ka pakona, pomwe abambo a m'deralo amasewera bawo. Anali atakhala pa chidebe chovundikira, ndodo ili pakati pa miyendo, thalauza lili ndi fumbi pabondo posonyeza kuti anagwapo m'njira. Ankatola nkhomo ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, ndipo mnzawo wosewera naye, mkulu wina wokonza nsapato dzina lake Benedicto, ankadandaula mokweza kuti mlendoyu akumudyera zonse.

Lonely anaima kuseri kwa mulu wa matumba a makala mpaka mpweya unabwerera m'chifuwa. Kenaka anapita kwa mayi wogulitsa tomato pafupi pomwepo, n'kuyamba kusankha mosafulumira, podikira kuti masewerawo athe.